Lamulo la zovala pa maiwe osambiramo liziyang'ana nsalu

A Mkonzi,

Kutentha kwa October kukafika maiwe osambiramo a m'mahotela ndi m'malo achisangalalo amadzaza, ndipo mkangano uja umayambiranso: kodi mtsikana wa bikini kapena bambo wa kakabudula kothina aloledwe pamalo pamene pali ana? Ife ntchito yathu ndi yophunzitsa kusambira ndi kusamala madzi a m'maiwe. Kwa ife chovala chodetsa nkhawa si chaching'onocho ayi. Ndi tisheti, chitenje, jinzi yodula, ndi kabudula wamkati amene munthu wachoka naye kunyumba m'mawa.

Nsalu ya thonje imamwa madzi ambiri ndipo imayoyoka timaulusi. Timaulusito timatsekera kadengu ka pampu, tina n'kukathera mu sefa ya mchenga. Sefa ikatsekeka madzi sazungulira bwino, amachita mbuu, ndipo woyang'anira saonanso pansi pa dziwe kumbali yakuya. Chovala cha tsiku lonse chimabweranso ndi thukuta, fumbi, mafuta odzola ndi zotsalira za sopo wa ufa. Klorini, mankhwala ophera tizilombo m'madzi a m'dziwe, amayenera kukhala pakati pa mamiligalamu 1 ndi 3 pa lita, pH (muyeso wa asidi wa m'madzi) ili pakati pa 7.2 ndi 7.8. Klorini wochepayo akathera pa thukuta ndi mkodzo, wopha tizilombo amatsala pang'ono. Fungo lamphamvu limene anthu amati "athira mankhwala ambiri", ndi maso ofiira a ana, kawirikawiri zimachokera ku klorini amene wasakanikirana ndi litsiro la m'thupi.

Chitenje ndiye choopsa kwambiri. Chikanyowa chimalemera, chimakulunga miyendo, munthu n'kulephera kupalasa. Tisheti yotaya imafufuma, ndipo wodumphira m'madzi imatha kumuphimba kumaso. Mayi wovala chitenje pofuna kudzilemekeza, amene mlonda amamulowetsa ndi ulemu wonse, ali pangozi kuposa wa bikini amene akunong'onezedwa.

Ku France maiwe ambiri a boma salola abambo kulowa ndi akabudula otaya ofika m'mawondo. Amafuna kothina komweko, chifukwa kabudula wotaya munthu amatha kuyenda naye mumsewu tsiku lonse. Ku Berlin, likulu la Germany, mu 2023, analola amayi kusambira chifuwa chili pamtunda ngati abambo. Sitikunena kuti titengere zimenezo, kwathu kuno n'kwina. Koma onani kuti malamulo awo ndi olembedwa, ndipo munthu amawadziwa asanalipire pageti.

Chovala chaching'ono nacho chili ndi malire ake, ndipo ndi malire oti mutha kuwayesa. Bikini ya zingwe zomanga m'mbali inapangidwira kuothera dzuwa. Wodumpha nayo kapena wotsetsereka nayo imamasuka. Chovala choyera kapena chachikasu chopanda nsalu yachiwiri mkati chimaonetsa zonse chikanyowa, ngakhale chitakhala chachikulu. Kabudula wa abambo wopanda chingwe cha m'chiuno amavuka pa kudumpha koyamba. Zambiri mwa zovalazi timagula pa kaunjika, ndipo mphira wake amakhala atafa kale ndi klorini ndi dzuwa la kumene zachokera. Musanagule, kokani nsaluyo ndi manja awiri moyang'anitsa kuwala. Ikamalira thetheru, ikapanda kubwerera m'malo mwake, kapena zala zikaonekera kuseri, isiyeni. Poliyesita amapirira klorini kuposa nayiloni wosakaniza ndi mphira wambiri. Mukatuluka m'madzi tsukuluzani chovalacho ndi madzi ozizira, osachipotokola, ndipo yanikani pamthunzi.

Pempho lathu kwa eni maiwe ndi lakuti alembe chikwangwani pageti, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chonena zinthu zoti aliyense angazione: chovala chikhale chosambirira, cha poliyesita kapena nayiloni, chiphimbe kumaliseche, matako ndi mabere a amayi ngakhale chitanyowa, zovala zamkati, jinzi, chitenje ndi tisheti ya thonje ayi, aliyense ayambe wasamba pa shawa. Mawu akuti "valani modzilemekeza" achotsedwe. Mawu amenewo amasiyira mlonda kuti aweruze ndi maso ake, ndiye mlendo wa kunja amadutsa ndi bikini, mwana wa kuno wovala yomweyo n'kubwezedwa.

Dziko lino linaziona kale za kuyeza zovala za amayi. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993, ndipo mu 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mathalauza. Nkhani ya chovala ikasiyidwa m'manja mwa gulu imafika kumeneko. Pa dziwe wolankhula akhale wogwira ntchito mmodzi, makamaka mayi ngati wouzidwayo ndi mayi, amuitanire pambali, amusonyeze mzere wa pachikwangwani. Wojambula anzake ndi foni popanda chilolezo ndiye atulutsidwe msanga.

Amene chipembedzo kapena mtima wawo sulola kuonetsa thupi asatsekeredwe kunja. Alipo malaya osambirira a manja aatali ndi mathalauza othina a nsalu yomweyo, ndipo sefa sadana nawo bola asakhale otaya. Chitenje chidikire pampando, adzafunde potuluka.

Ana aang'ono avale thewera la m'madzi, chifukwa thewera wamba limafufuma n'kuphulika. Makolo asankhenso mtundu wowala, wa olenji kapena pinki. Mwana wovala zabuluu kapena zoyera akamira saoneka msanga pansi pa dziwe. Hotela imene ikufuna kuti lamuloli ligwire isunge pageti akabudula osambirira angapo ogulitsa, kuti banja lochokera kutali lisabwerere chifukwa cha tisheti.

Aphunzitsi a kusambira,
Blantyre