Boma liziwapepesa ovulazidwa ndi achifwamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu. Mlamu wanga, yemwe ndi telala, anamukhapa dzanja achifwamba akuweruka ku ntchito. Olakwawo anagwidwa ndipo ali kundende, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma iye mpaka lero zala zitatu sizipinda, sangathe ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Makina ake osokera anagulitsa kuti alipire mankhwala.

Inde, khoti litha kulamula wolakwa kupereka chipukuta misozi. Koma chigawenga chopanda kalikonse chilipira ndi chiyani? Nanga chikapanda kugwidwa n'komwe?

Mayiko ena anaziona kalekale zimenezi. New Zealand inakhazikitsa lamulo loti boma lizilipira ovulazidwa mu 1963, Britain inayamba mu 1964. Ku United States, kuyambira 1984, ndalama zina za faindi zimalowa m'thumba lothandizira anthu otere, ndipo njira imeneyi ndimaikonda chifukwa olakwa omwewo ndiwo amadzaza thumbalo. Nalo bungwe la United Nations linapempha maboma kuchita zimenezi mu 1985.

Ndikupempha aphungu athu kuti akhazikitse thumba lotere, ndipo amasiye a anthu ophedwa asawasiye kunja.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa