Loweruka lino ku Chilenje: mabuku oseketsa a masewera a madayisi

Anzanga okonda kuwerenga,

Loweruka likubwerali tikumana ku Chilenje, pakhomo paja tinakumana mwezi watha, nthawi ya 2 koloko masana. Inu a ku Matero ndi ku Chawama nyamukani msanga, minibasi zimachedwa kudzaza.

Ulendo uno tikambirana mabuku oseketsa obadwira m'masewera a pathebulo, makamaka Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Kwa amene simunaonepo masewerawa, mmodzi amatsogolera nkhani, enawo aliyense amasankha munthu wake: wina msilikali, wina wamatsenga, wina mbala. Ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dayisi la mbali 20. Likagwa pa 20 zako zayera. Likagwa pa 1, ngwazi yako yaterereka pakhomo penipeni pa phanga la chinjoka, lupanga lili m'chitsime, anzake akukanganirana thumba la golide. Phwete la mabukuwa limachokera pamenepo. Ine ndimawakonda chifukwa olemba ake abwino sanyoza anthu awo, ndipo kagulu kosamvana kaja kamadzafika pomaferana. Zili ngati nthano za Kalulu ndi Fisi, pomwe omvera amayankha kuti "tili tonse", kungoti pano omverawo amatha kukhotetsa nkhani.

Tikatha kukambirana tisewera ola limodzi. Madayisi alipo, inu mubwere ndi pensulo, pepala ndi buku lililonse lamtunduwu lomwe muli nalo. Munkoyo tifulula, koma za vitumbuwa tisonkha K20 aliyense. Mundiuze pofika Lachinayi ngati mukubwera, kuti tikonze mipando.