Malire a madera a mu Blantyre adziwike

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya malire a madera amene timakhalamo mumzinda wa Blantyre, chifukwa ambiri a ife timatchula mayina a maderawa tsiku ndi tsiku, koma tikafunsidwa pamene dera lina lathera ndi pamene linzake layambira, timangoloza ndi dzanja.

Mwezi wathawu ndinaperekeza mphwanga kukaona nyumba ya lendi imene dobadoba wina anatiuza kuti ili ku Nyambadwe. Tinayenda pakati pa mipanda ya njerwa ndi mitengo ikuluikulu ya mthunzi, kenako phula linatha, ndipo tinatsetsereka ndi kanjira kokumbika ndi madzi a mvula mpaka tinafika pamene amayi anali pamzere ndi zigubu zawo pa kiyosiki ya madzi. Mayi wina wachikulire amene tinamulonjera anatiuza mosabisa kuti kumeneko ndi ku Ndirande, ndipo iye wakhalako kuyambira ali mtsikana. Nyumbayo inalibe vuto, koma mtengo wake unali wa dzina la Nyambadwe. Panalibe chikwangwani kapena mapu oti tikanatsutsa nawo dobadobayo.

Kuyandikana kwa kumayadi ndi kumakomboni sikunayambe lero. Mzindawu unayamba m'chaka cha 1876 pamene amishoni a ku Scotland anakhazikitsa mishoni yawo, pomwe Limbe inakula pambuyo pake chifukwa cha njanji ndi malonda a fodya, mpaka matauni awiriwa analumikizidwa m'chaka cha 1956. Atsamunda ndi amalonda anadzisankhira malo otakasuka monga Mandala ndi Sunnyside, ndipo anthu amene ankawagwirira ntchito ankamanga chapambali, pamtunda woti m'mawa atha kuyenda wapansi. Kenaka kunabwera nyumba za m'mizere za Malawi Housing Corporation ku Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza, zimene zinakhala pakatikati, zosafika pa mayadi komanso zosafanana ndi makomboni. Pofika kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu opitirira 800,000, ndipo mipata imene kale inkalekanitsa maderawa inadzaza ndi nyumba.

Sindikunyoza dera lililonse, ndipo ine ndemwe ndimakhala ku Ndirande mosachita manyazi. Kwathu kuno kumacha msanga. Usanamve tambala wachiwiri umamva nyundo za amisiri osula mbaula ndi ndowa, oitanira minibasi, ndi mawilibala opita kumsika. Ku Nyambadwe nthawi yomweyo kumakhala zii, kungomveka agalu kuseri kwa mageti. Komatu mukaima pamsewu wolumikiza madera awiriwa dzuwa likamatuluka, mudzaona alonda akubwerera kwawo atapinda majekete pamkono, akusemphana ndi amayi ogwira ntchito za m'nyumba ndi anyamata osamalira maluwa amene akupita kukayamba ntchito. Geti lachitsulo limene limatseka mpanda wa kumayadi nthawi zambiri analiwotcherera ku Ndirande, ndipo ndalama yogulira ufa m'mabanja ambiri a ku Ndirande imachokera kuseri kwa geti lomwelo. Madera awiriwa amadalirana kuposa mmene eni ake amavomerezera.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti malire enieni amene munthu wamba amawadziwa ndi pamene pathera zinthu zabwino: pamene phula lathera, pamene ngalande yasanduka chigwembe, pamene magetsi a mumsewu alekezera, ndi pamene zinyalala zayamba kuunjikana. Mwana amene akukula akuona zimenezi amaphunzira kuti tsidya lino ndi la anthu osawerengeredwa, ngakhale palibe amene wamuuza. Chonsecho zinyalala zimene zimatayidwa mumtsinje wa Nasolo zimakathera mu Mudi, umene umadutsa pakati pa mzinda, ndipo fungo lake limafika kwa wakumayadi ndi wakukomboni yemwe.

Pali malire enanso amene kusadziwika kwake kunatitayitsa miyoyo. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, mabanja ambiri a ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo anataya abale awo usiku umodzi. Nyumba zinali zitakwera phirilo pang'onopang'ono, munthu aliyense akugula malo pamwamba pa mnzake, popanda mzere wooneka ndi maso wosonyeza kuti apa ndi pomaliza kumanga. Tikayang'ana mapiri a Ndirande ndi Bangwe, amene mitengo yake inatha kalekale, tikuona kuti nyumba zikukwerabe chimodzimodzi.

Choncho ndikupempha khonsolo ya mzinda, pamodzi ndi makhansala ndi mafumu a m'madera, kuti asindikize mapu osavuta kumva osonyeza malire a dera lililonse ndi wadi iliyonse, ndipo awapachike m'misika, m'masukulu ndi m'zipatala zing'onozing'ono momwe anthu amasonkhana. Munthu adziwe khansala amene akuyenera kumudandaulira mlatho ukaguluka, m'malo momangouzidwa kuti mbali imeneyo ndi ya wina. Misewu ya m'makomboni ipatsidwe mayina, kuti woyendetsa ambulansi asamalondoleredwe ndi mawu akuti mukhote pa chigayo kenako mufunse pa okala yobiriwira. M'mapiri aikemo zipilala za simenti zooneka bwino, ndipo mafumu asalole kugulitsa malo kupitirira pamenepo. Ndipo pamene akukonza msewu wolumikiza madera awiri oyandikana, monga Nyambadwe ndi Ndirande, makina asatembenuke akafika pa mpanda womaliza wa kumayadi, koma atsike mpaka pa kiyosiki pamene amayi aja amadikirira madzi.

Ine wokhudzidwa,
Wokhala ku Ndirande, Blantyre