Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yachiwiri: Za Timasipika Tonyamula M'manja

Okondedwa makolo ndi nonse amene mumalera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa ine, aphunzitsi anzanga ndi onse ogwira ntchito pasukulu pano. Kalatayi yabwera pamodzi ndi lipoti la mwana wanu, ndipo popeza zotsatira za mayeso, ndalama za teremu yamawa ndi tsiku lotsegulira zalembedwa kale m'menemo, sindizibwereza pano. Ndakulemberani pa nkhani imodzi yokha, imene yatidyera nthawi yambiri teremu ino kuposa mmene ndinkayembekezera, ndiyo ya timasipika ting'onoting'ono totchaja timene ana akubwera nato kusukulu. Mu ofesi mwanga muli katoni imene kale tinkasungiramo choko, koma lero yadzaza ndi timasipika tolandidwa kwa ophunzira, tina tooneka ngati chitini cha mkaka, tina tosaposa sopo wosambira, ndipo pafupifupi tonse tili ndi timagetsi tothwanima tamitundumitundu.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu munagulira ana anu timeneti ndi mtima wabwino, mwina ngati mphatso ya Khirisimasi kapena pothokoza mwana amene anakhoza bwino, ndipo ena tinatumizidwa ndi abale amene ali ku Joni. Ine sindidana ndi nyimbo, ndipo sukulu nayonso ili ndi sipika yake yotchaja imene imatithandiza pa msonkhano wa m'mawa, pophunzitsa kwaya ndi pa tsiku la zisangalalo magetsi akathima. Chida chimenechi n'chothandiza, makamaka kwathu kuno kumene nyumba zambiri zilibe magetsi, chifukwa kasola kakang'ono kapadenga kamakwanitsa kukadzaza, ndipo tambiri tili ndi wailesi m'kati, moti banja lonse limatha kumvera nkhani kapena mpira pakhonde madzulo. Chimene ndikukana ndi chakuti kachida kameneka kakhale m'chikwama cha mwana wa sukulu ndi m'chipinda chogona ana ambiri, ndipo ndikufuna kuti mumve zifukwa zanga m'malo mongolandira lamulo.

Kasipika kotere pakokha sikakhala ndi nyimbo. Kamalandira nyimbo kuchokera ku foni kudzera mu Bluetooth, njira yotumizira mawu popanda waya imene inayambika ku kampani ya Ericsson ku Sweden m'zaka za m'ma 1990, ndipo dzina lake linatengedwa kwa mfumu ina yakale ya ku Denmark. Njira imeneyi kawirikawiri imafika pa mtunda wa mamita pafupifupi 10 okha, choncho mphunzitsi akapeza kasipika kakulira pawindo la hositeli popanda kanthu kolowetsedwamo, amadziwiratu kuti foni ili pafupi pomwepo, kaya pansi pa matiresi, kaya m'thumba la ufa, kaya kudenga. Mafoni ndi oletsedwa pasukulu pano, monga munasainira nokha pa tsiku limene munabweretsa mwana, ndipo pafupifupi nthawi zonse pamene talanda kasipika tapezanso foni imene makolo ake sankaidziwa. Tina timagwiritsa ntchito kakhadi kosungira nyimbo, kamene ana amati memori, kapena fulashi, zimene amakadzazitsa kumalo obenera nyimbo pamsika, kumene wogulitsa amangothiramo zilizonse zimene ali nazo pa kompyuta yake osafunsa zaka za wogulayo. Ndamverako zina mwa zimenezi mu ofesi chitseko chili chotseka, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe mmodzi wa inu amene angalole kuti ziimbidwe pabwalo pake apongozi ali pomwepo.

Komabe chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi makutu a ana athu. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma pa nkhani ya khutu chimene chimawonongeka sichimveka kung'ambika, ndiye chifukwa chake anthu amachinyalanyaza. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi timaubweya tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu likamapitirira kwa nthawi yaitali, timaselo timeneti timatopa kenaka n'kufa, ndipo tikafa sitiphukanso, ngakhale munthu atapita kuchipatala chachikulu chotani. Munthu sadzuka tsiku limodzi ali wogontha. Amayamba ndi kumva kulira kwa "ziii" m'makutu akachoka paphokoso, kenaka amavutika kugwira mawu a mnzake pamalo pamene pali anthu ambiri, ndipo pomadzazindikira, zaka zapita ndipo palibe chobweza. Amene mwakhalapo ndi m'bale wogwira ntchito pachigayo kwa zaka zambiri mukudziwa mmene amalankhulira mokuwa ngakhale ali m'nyumba, ndiponso mmene amatembenuzira khutu limodzi kwa wolankhula.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvetseredwe ka nyimbo kosasamala, ndipo pa 3 Malichi chaka chilichonse, tsiku limene limagwera m'teremu imene tikutsekayi, dziko lonse limakumbukira za kusamalira makutu. Mphamvu ya phokoso imayezedwa mu ma decibel. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa ma decibel pafupifupi 60. Muyeso wa WHO umati munthu wamkulu angathe kumvera phokoso la ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, pamene kwa ana muyesowo umatsikira pa 75. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nambala imeneyi ikakwera ndi 3 yokha, nthawi yotetezeka imadulidwa pakati, moti pa ma decibel 90 pamatsala maola anayi okha pa sabata yonse, ndipo pa 100 sipakwana ngakhale theka la ola. Mwina wina angaseke n'kunena kuti kachitini kotere sikangafanane ndi masipika a paukwati, ndipo n'zoona ngati kali patebulo patali ndi munthu, pakuti phokoso limachepa mtunda ukamakula. Koma ana athu sakaika patebulo. Amakakoleka m'khosi, amakasenza paphewa pafupi ndi khutu, ndipo usiku amagona nako pamtsamiro m'kati mwa bulangete kuti woyang'anira hositeli asamve, kakulira mpaka batire litatha.

Ife aphunzitsi timaona zotsatira zake m'kalasi m'mawa. Mwana amene kale ankayankha mafunso tsopano akusinza isanakwane nthawi yopumira, ndipo anzake ogona naye chipinda chimodzi, amene sanasankhe kumvera nyimbozo, nawonso akusinza. Ena amandiuza molimba mtima kuti amawerenga bwino nyimbo zikamalira, koma pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ndaona kuti mwana amene akuwerenga Biology uku pakamwa pakutsatira mawu a nyimbo amatembenuza masamba ambiri n'kutsala ndi zochepa m'mutu. A Fomu 2 ndi a Fomu 4 akubwerera kudzakumana ndi mayeso a MANEB a JCE ndi MSCE, ndipo m'chipinda cha mayeso mudzakhala zii kwa maola awiri kapena atatu, popanda china chomveka koma kukhosomola ndi mapazi a woyang'anira. Mwana amene sanazolowere kukhala chete ndi maganizo ake okha adzavutika m'menemo, ngakhale atakhala wanzeru.

Pali nkhani inanso imene ndiyenera kukuuzani mosabisa, chifukwa ikanatha kutibweretsera maliro. Usiku wina pakati pa teremu, mu hositeli ya anyamata munamveka fungo la pulasitiki yopserera, ndipo woyang'anira atafufuza anapeza kasipika kakutchajidwa pansi pa matiresi, batire lake litafufuma mpaka kung'amba chikopa chake, nsalu ya matiresi itayamba kale kuda. Popeza m'zipinda zogona mulibe masoketi a ophunzira, anyamatawo anasenda waya wa babu n'kulumikizapo tchaja ndi manja awo, osaganiza kuti m'waya umenewo mumadutsa mavoti 230, pamene kasipikako kamangofuna mavoti asanu okha amene tchaja yabwino imatulutsa. Tithokoze Mulungu kuti palibe anavulala. Mabatire a m'timasipika timeneti ndi a lithium, ofanana ndi a m'mafoni, ndipo ngakhale amasunga moto wambiri m'kamalo kochepa, sagwirizana ndi kutentha, kuphwanyika kapena kubooledwa. Likatentha mopitirira, batire lotere limadzitenthetsa lokha mowirikiza mpaka kuyaka, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Timasipika tambiri totchipa tam'misika timalembedwa mayina a makampani otchuka monga JBL pamene sitinatuluke kumeneko, ndipo palibe amene angakutsimikizireni kuti m'kati mwake muli kachipangizo kodula moto batire likadzaza.

Pa chifukwa chimenechi, ngakhale kunyumba kwanu pa tchuthi chino, musalole kuti kasipika kapena foni zitchajidwe pabedi, pamkeka wofunditsidwa nsalu kapena padzuwa, ndiponso musazisiye pamoto usiku wonse anthu ali m'tulo, makamaka m'nyumba zofolera ndi udzu. Mukaona kuti kafufuma, kakutentha kwambiri kapena kakutulutsa fungo lachilendo, kachotseni pamoto, mukaike panja pamalo opanda zoyaka, ndipo mwana asayese kukaboola ndi msomali pofuna kukaphwetsa. Musakaponyenso kudzala kumene mumatentha zinyalala, chifukwa kakhoza kuphulikira amene wayandikira.

Za mikangano sindichulukitsa mawu. Takhala tikuweruza milandu ya kuba, ya ngongole pakati pa ophunzira, ndi ya ana amene anagulitsa shuga, sopo ngakhale makope amene munawagulira ndi thukuta lanu kuti apeze ndalama ya kasipika, poopa kuoneka otsalira pakati pa anzawo. Mayi wina anabwera mu ofesi akudandaula kuti mwana wawo akuonda, ndipo titafufuza tinapeza kuti ndalama yodyera ya mwezi wonse inathera pamenepo. Ophunzira oyendera nawonso sali kutali ndi nkhaniyi, pakuti tawaonapo akuyenda kagulu pakati pa msewu, nyimbo ili pamwamba, osamva belu la kabaza kapena hutala ya njinga yamoto imene ikubwera kumbuyo, ndipo mafumu otizungulira anatidandaulira kuti ana ovala yunifolomu yathu anadutsa pafupi ndi siwa kasipika kakulira, osatsitsa n'komwe. Zimenezi zinandichititsa manyazi kuposa zina zonse, chifukwa kwathu kuno ngakhale woyendetsa njinga amatsika akafika pamene paikidwa masamba pamsewu.

Titakambirana ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, tagwirizana kuti kuyambira teremu yamawa wophunzira aliyense, wogonera kapena woyendera, asabwere ndi kasipika pasukulu, ndipo katundu adzayang'anidwa pachipata pa tsiku lotsegulira pamaso pa mwini wake. Timene tinalandidwa teremu ino sitinawonongedwe ndipo sitinaperekedwe kwa wina aliyense. Tonse tinalembedwa m'buku pamodzi ndi dzina la mwana, ndipo tidzabwezedwa kwa kholo kapena womulera yekha akabwera kudzasainira, osati kwa mwanayo kapena mnzake wotumidwa. Timene mabatire ake anafufuma tatipatula ndi kutisunga kutali ndi zipinda za ana, ndipo eni ake adzaonetsedwa mmene tilili asanasankhe chochita. Wopezeka atasenda waya wa magetsi adzaitanitsidwa makolo nthawi yomweyo, pakuti ameneyo waika pangozi moyo wa chipinda chonse. Pofuna kuti ana asaone ngati tawalanda chisangalalo chonse, sipika ya sukulu izitulutsidwa Loweruka masana, ndipo ophunzira azisankha nyimbo kudzera mwa atsogoleri awo, mphunzitsi woona za zisangalalo atazimvera kaye.

Pa masabata amene mwana akhale m'manja mwanu, ndikupemphani kuti musangomulanda kasipikako n'kukabisa, koma mukhale naye pansi, mumvere limodzi zimene zili pa memori yake, ndipo mumufunse kumene ndalama yogulira inachokera ngati simunamugulire ndinu. Njira yosavuta yodziwira ngati phokoso lapitirira ndi iyi: ngati mukuyenera kukweza mawu kuti akumveni pamene mwatalikirana dzanja limodzi lokha, ndiye kuti nyimboyo yakwera kwambiri ndipo itsitsidwe. Ngati mwana akudandaula kuti m'makutu mukulira, kapena mwaona kuti akumafunsa kawirikawiri kuti mubwereze zimene mwanena, musamuyese wamwano msanga, koma mupite naye kuchipatala kuti akamuone, ndipo ngati pakufunika kuyezetsa kamvedwe kake, akakutumizani kumene kuli zipangizo zake. Mukatero mutidziwitse potsegulira, kuti aphunzitsi amukhazike kutsogolo m'kalasi.

Ofesi ikhala yotsegula m'mawa masiku a ntchito pa sabata yoyamba ya tchuthi kwa amene mukufuna kudzatenga katundu wa ana anu kapena kudzalankhula nane pa nkhaniyi, ndipo amene muli kutali mungathe kudzatenga pa tsiku lobweretsa ana. Pansi pa lipoti pali kachigawo koti musaine kusonyeza kuti kalatayi yakufikani ndipo mwaiwerenga, ndipo mwana abwere nako pobwerera kusukulu.

Ndikufunirani tchuthi chabwino ndi zokolola zochuluka.

Ine wanu pa ntchito yolera ana athu,

Mphunzitsi Wamkulu