Ola limodzi pa tikiti si ola limodzi pabwalo la ndege

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiwatsine khutu anzanga amene akukonzekera ulendo wa pandege wopita kunja, makamaka iwo amene adzatsike pabwalo lina n'kukwera ndege yachiwiri. Zimene zinandionekera ndili ndi mayi anga sindikufuna zidzamuonekere wina.

Mayi ali ndi zaka 72 ndipo mawondo amawavuta. Tinkapita kukaona mdzukulu wawo woyamba. Pofuna kupulumutsa ndalama, ndinagula pa intaneti matikiti awiri osiyana, kumakampani awiri osiyananso. Ndege yoyamba inkayenera kutera 6:40 m'mawa, yachiwiri kunyamuka 7:55. Ndinawerenga: ola limodzi ndi mphindi 15. Mumtima ndinati zikwana, si kungotsika apa n'kukwera apo kodi?

Ndege inatera mochedwa ndi mphindi 20, n'kukaima kutali, moti tinachita kudikira basi yotifikitsa kunyumba ya bwalo. Ife tinakhala mipando yakumbuyo, choncho tinatsika komalizira. Poti matikiti anali osiyana, masutikesi athu sanapite okha ku ndege yachiwiri. Tinayenera kudinditsa kaye mapasipoti, kukadikira katundu palamba wozungulira wotulutsira masutikesi, n'kukamuperekanso pakauntala ya kampani inayo. Mzere wa mapasipoti unkayenda ngati nkhono. Titapeza masutikesi ndinayamba kuthamanga ndi ngolo ya katundu, mayi ali pambuyo panga wefuwefu, dzanja limodzi lili pabondo. Ndinamva akuti, "Pita iwe mwananga, ndikupeza." Ndinabwerera n'kuwagwira mkono.

Tinafika pakauntala 7:30. Ndege inali ikadalipo, dzina lake likuoneka bwinobwino pasikirini. Mtsikana wa pakauntalayo anatiuza mwaulemu kuti anatseka kalekale kulandira katundu. Ndinachonderera, ndinaonetsa umboni woti ndege yoyamba ndiyo inachedwa, koma iye anati kwa kampani yawo ife tinali anthu amene sanabwere pa nthawi yake, basi. Anandiuzanso chimene sindinkachidziwa: ukaphonya chigawo choyamba cha tikiti, makampani ambiri amafufuta zigawo zonse zotsatira, ngakhale ulendo wobwerera. Tinagula matikiti atsopano, n'kugona pamipando mpaka m'mawa mwake. Usiku umenewo mayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepa, ndakuchedwetsa ndine." Mawu amenewo amandipwetekabe, chifukwa iwo sanalakwe kanthu.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti nthawi yolembedwa pakati pa ndege ziwiri si yanu yonse. Nthawi yotera ndi ya ndege, osati ya inuyo. Kuti mutuluke, muyende makonde ataliatali aja, musechedwe, pamapita mphindi zambiri. Mbali inayo, geti yokwerera ndege imatsekedwa kudakali mphindi 15 kapena 20 kuti ndege inyamuke, ndipo kauntala yolandira katundu wa maulendo akunja kawirikawiri imatseka kudakali ola lathunthu. Kwa ife ndiye kuti, ngakhale ndege yoyamba ikanafika pa nthawi yake, tinali ndi mphindi 15 zokha. Ulendowo unali utalephereka kale tsiku limene ndinagula matikiti.

Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa imene amavomereza kuti munthu asinthire ndege, ndipo mukagula tikiti imodzi ya ulendo wonse, kompyuta ya kampani siikugulitsani ulendo wopanikiza kuposa pamenepo. Koma nthawi imeneyo amawerengera munthu wamphamvu zake, wodziwa njira, pa tsiku limene zonse zayenda bwino. Sawerengera gogo, mayi wobereka mwana, kapena munthu amene akuona bwalo lalikulu koyamba. Komabe ubwino wa tikiti imodzi ndi waukulu: katundu wanu kawirikawiri amakafika yekha kumapeto, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, ndi udindo wa kampani kukukwezani ina popanda kulipiranso. Kwa onyamukira kumayiko a European Union (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) palinso lamulo la nambala 261 la chaka cha 2004, limene limati mukafika kumapeto kwa ulendo mutachedwa maola atatu kapena kuposa chifukwa cha vuto la kampani, mungalandire chipukuta misozi chofika mpaka mayuro 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo. Wogula matikiti osiyana, ngati mmene ndinachitira ine, sangadalire lamuloli pa ndege yachiwiri imene yamusiyayo.

Malamulo a mayiko nawo amadya nthawi mosiyana. Mukamalowa m'mayiko 29 a Schengen (mayiko a ku Ulaya amene anagwirizana kuti asamaone mapasipoti pamalire a pakati pawo), pasipoti amaiona pabwalo limene mwayamba kutera, osati kumene mukupita. Ngati mukupita ku Madrid kudzera ku Frankfurt kapena ku Amsterdam, mzere wautali uja mukaupeza pomwepo pakati pa ulendo. Ku United States ndiye nkhani yake ndi ina: pabwalo loyamba mumadutsa kwa oona zolowa m'dziko, kawirikawiri mumatenga katundu wanu n'kumuperekanso, kenako mumasechedwa kachiwiri, ngakhale muli ndi tikiti imodzi. Kumeneko maola atatu si ambiri ayi. Ndipo mayiko ena amafuna viza yongodutsira, kutengera pasipoti imene muli nayo, ngakhale simukutuluka pabwalo. Wopanda viza imeneyo amamukaniza kukwera ndege kumene wayambira komweko.

Muzionanso bwino zilembo zitatu zija zimene zimaimira bwalo pa tikiti, chifukwa mzinda umodzi ungakhale ndi mabwalo angapo. Ku London, LHR ndi Heathrow pamene LGW ndi Gatwick, ndipo pakati pake pali ulendo wa basi wa ola limodzi kapena kuposa. Ku Paris kuli Charles de Gaulle ndi Orly, ku New York kuli JFK, LaGuardia ndi Newark. Pa Heathrow pokhapo pali nyumba zinayi zokwererako, Terminal 2, 3, 4 ndi 5, ndipo kuchoka ku ina kupita ku inzake kungafune basi. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo kumene kuli bwalolo. Dubai ali patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi Johannesburg, ndiye wotchi ya pamkono ingakunamizeni.

Ine tsopano ndikagula tikiti imodzi sindivomera nthawi yochepera maola awiri, ndipo ngati pali podinditsa pasipoti kapena ndili ndi munthu wachikulire, ndimafuna atatu kapena anayi. Matikiti osiyana ndinasiya, koma amene wakakamizika aike theka la tsiku pakati, kapena agone kumene. Ndimafunsanso kuti ndege yachiwiriyo ikandisiya, ina ibwera liti, chifukwa njira zina ndege imapita kamodzi patsiku, zina masiku owerengeka pa sabata. Ena amadandaula kuti kukhala maola anayi pabwalo n'kotopetsa. Zoonadi kumatopetsa, koma ine ndinakhalapo maola 24.

Pempho langa lipite kwa amene amagulitsa matikiti. Munthu akabwera kwa inu n'kusankha ulendo wotsika mtengo, musangolandira ndalama. Muuzeni mosabisa ngati matikitiwo ndi awiri osiyana, ngati katundu adzamutenge pakati pa njira, ndiponso ngati pakufunika viza. Ambiri timachita manyazi kufunsa poopa kuoneka osadziwa, pamene akulu anati safunsa anadya phula. Mumuuzenso kuti okalamba ndi olumala ali ndi mwayi wopempha njinga yokankha ndi munthu wowaperekeza kuchokera pakhomo la ndege mpaka pageti ina, kwaulere, bola apemphe kudakali maola 48. Ine palibe anandiuza zimenezi.

Mwezi wamawa mayi akupitanso, ulendo uno okha. Ndagula tikiti imodzi, pakati pali maola anayi ndi mphindi 10, ndipo njinga ndapempha kale. Mkati mwa chikwama cha pasipoti yawo ndawaikira kapepala kamene ndalembapo ndi zilembo zikuluzikulu nambala ya ndege yachiwiri, nthawi imene geti idzatsekedwe, ndi nambala yanga ya foni.

Ine wowerenga wanu,
Mwana wa mayi okalamba