Lipoti la Msonkhano wa Matenda Ofooketsa Mafupa

Mayi Wapampando ndi anamwino anzanga,

Ndabwerako kumsonkhano munandituma kuja. Zokamba zinali zambiri, koma ine ndagwirako kwambiri nkhani ya mafupa a msana mwa amayi amene anasiya kusamba.

Dokotala wina anationetsa zithunzi ziwiri zokulitsidwa za m'kati mwa fupa la msana. M'katimo muli ngati siponji: timizati toimirira ndi tina topingasa totigwiriziza. Pachithunzi cha mayi wachitsikana tinali tothithikana. Pa cha mayi wachikulire topingasa tambiri tinali titatha, toimirira tangotsala patalipatali. Anati kamzati kakataya chogwiriziza chapakati, mphamvu yake imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Gwero lake ndi kuchepa kwa mahomoni achikazi otchedwa estrogen mayi akasiya kusamba: maselo ogumula fupa lakale amayamba kuposa omanga latsopano.

Apa ndi pamene panavuta mkangano. Kuyambira 1994 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu ali ndi matenda ofooketsa mafupa (osteoporosis) ngati T-score yake pa makina ounikira mafupa a DXA, nambala yoyerekeza fupa lake ndi la wachinyamata wathanzi, ndi -2.5 kapena kutsikirapo. Koma DXA imayeza kuchuluka kwa fupa, osati mamangidwe ake, n'chifukwa chake amayi ambiri amathyoka nambala yawo isanafike pamenepo.

Chinandikhudza n'chakuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse othyoka msana motere sadziwika n'komwe. Fupa limangophwatalala, kawirikawiri cha pa T12 ndi L1, pomwe mafupa a msana a pachifuwa amakumana ndi a m'munsi, mwina mayi atangowerama kapena kutsokomola. Amafupika, msana n'kupindika, ife n'kumati ndi ukalamba basi. Ndisabise, inenso ndakhala ndikuwabweza ndi mankhwala opha ululu okha. Chonsecho mwa amayi asanu othyoka, mmodzi amathyokanso fupa lina la msana chaka chisanathe.

Choncho ndikupempha kuti tiziyeza msinkhu wa mayi aliyense amene anasiya kusamba, n'kulemba. Akafupika ndi masentimita 4 poyerekeza ndi pa utsikana wake, akajambulidwe X-ray yam'mbali. Tizifunsanso ngati amamwa prednisolone kwa nthawi yaitali, poti mankhwalawa amafooketsa mafupa. Opatsidwa alendronate, mankhwala olimbitsa mafupa, tiziwauza bwino kamwedwe kake: m'mawa asanadye, ndi kapu yodzaza madzi, ndipo asagone kwa mphindi 30.

Za kashiamu ndi vitamini D anangodutsamo, panalibe chachilendo. Zithunzi zija ndinapempha, ndibwera nazo pamkumano wathu wotsatira.