Lipoti la msonkhano wa za ma core a purosesa

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kuti ndikamve ngati makompyuta amene tikufuna kugula akufunika purosesa ya ma core ambiri (purosesa ndi ubongo wa kompyuta, ndipo core ndi kachigawo kake kamene kamatha kugwira ntchito pakokha). Zimene ndabwera nazo n'zakuti zimadalira ntchito ya munthu amene adzakhale pa kompyutayo, ndipo tisatengeke ndi nambala yolembedwa pa bokosi.

Wophunzitsa anayamba ndi mbiri pang'ono. Kale opanga ankangowonjezera liwiro la core imodzi, koma atayandikira 4 GHz (muyeso wa liwirolo) purosesa inkatentha kwambiri komanso kudya magetsi ochuluka. Apa m'pamene anayamba kuika ma core angapo pamodzi. IBM inali itatero kale ndi POWER4 mu 2001, ndipo mu 2005 Intel ndi AMD anatulutsa Pentium D ndi Athlon 64 X2 za anthu wamba.

Mfundo imene inandigwira mtima ndi ya katswiri wa makompyuta Gene Amdahl, ya mu 1967. Ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a ntchito silingagawidwe, muike ma core chikwi kaya kuposa apo, ntchitoyo sidzafulumira kupitirira ka 10. Wophunzitsayo anationetsa zimenezi ndi maso mu Task Manager, pulogalamu yoonetsa mmene core iliyonse ikugwirira ntchito. Pamene ankasintha vidiyo ndi pulogalamu ya HandBrake, timabokosi ta ma core tonse tinadzaza mpaka pamwamba, fani ikulira. Atatsegula Word n'kuyamba kulemba, kabokosi kamodzi kokha n'kamene kankagwedezeka, ena onse ali phee.

Choncho kwa alembi ndi a msungichuma, amene ntchito yawo ndi makalata, Excel ndi intaneti, ma core 4 akukwana. Chimene chimawachedwetsa kawirikawiri ndi hard disk (chosungira mafayilo) yakale ndi RAM (malo osungira kwa kanthawi zimene kompyuta ikugwira) yochepa, ndipo ine ndikuumirira kuti ndalama ipite kaye ku SSD (chosungira mafayilo chofulumira kuposa hard disk) ndi RAM. Anzathu okonza mavidiyo ndiwo afunika ma core 8 kapena kuposa, chifukwa ntchito yawo imagawika bwino. Ochita masewera sitinawakambe kwambiri, koma kwa iwo khadi la zithunzi ndilo lofunika kwambiri.

Pa laputopu tiyang'anenso mtundu wa ma core. Apple M1 ya mu 2020 ili ndi 4 amphamvu ndi 4 osunga batire, ndipo Intel nayo ili ndi ma purosesa osakaniza motero.

Ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere atalemba mapulogalamu amene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kuti komiti yogula zinthu iyambire pamenepo.